Nthenga Zimene Sizinkagwa Pansi

Ndikadali nayo mphete ija. Ndi ya pulasitiki, yobiriwira, yaing'ono moti singalowe ngakhale chala changa chakumapeto. Imakhala m'kachitini ka mabatani, ndipo ana anga akafunsa ndimangoti ndi ya nkhuku. Sindinama pamenepo, koma sindinenanso zonse.

Chaka chimenecho ndinali mu giredi faifi, tikukhala pamunda pathu kuseri kwa Chalimbana. Kutangoyamba kutentha, kunabwera mayi wina wa ku Lusaka pa galimoto yoyera, wochita kafukufuku wa nkhuku zoikira mazira. Tinkangowatchula kuti a Madamu. Anasiya misoti isanu ndi itatu yofiirira pakhomo pathu, monga anachitira m'makomo ena angapo, uliwonse uli ndi mphete ya mtundu wakewake kumwendo. Mazira anali athu. Iwo akuti ankangofuna kudziwa khalidwe la nkhukuzo. Ndani akanakhulupirira zimenezo? Munthu wophunzira, wa nsapato zabwino, kuwotcha mafuta kuchokera ku Lusaka kudzafunsa ngati nkhuku yasamba fumbi! Tsiku limene anakoka timagazi kuphiko la nkhuku iliyonse n'kuthira m'timabotolo, theka la mudzi linagamula kuti ndi a masataniki. Amayi nkhukuzo analandira, koma anayamba azipempherera.

Popeza ine ndiye ndinkalemba bwino pakhomopo, a Madamu anandipatsa khadi ndi pensulo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa njerwa pafupi ndi khola, n'kumachonga zimene ndaona: iyi yapalasa, iyi yakwera pamtanda, iyi yajompha inzake. Za kujomphazo anazinena kawiri, atandigwira paphewa.

“Ukaona yamene izula nthenga za inzake, ulembe. Ija tizaichosa, cifukwa vija viyenda m'magazi, na bana bake bazankhala so.”

Sindinafunse kuti adzaichotsa kupita nayo kuti. Ndinali nditaona kale timabotolo tija, ndipo yankho ndinadzipatsa ndekha.

Mwa nkhuku zonsezo, ya mphete yobiriwira inali yanga. Palibe anandipatsa, inandisankha yokha. Ndikangokhala pa njerwa paja inkabwera kudzaima paphazi panga, zala zake zotentha zikundikanda, n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi ngati ikuwerenga nawo khadilo. Ndinaitcha Kagirini. Inkaikira dzira tsiku lililonse osalakwitsa, n'kulisiya pomwepo osacheukanso, pakuti nkhuku zimenezi kufungatira sizinkakudziwa. Amayi ankati ndi nkhuku za m'tauni, zobala n'kusiyira antchito.

Pakhomo pathu panalinso mlendo wina nyengo imeneyo. Anali amayi aang'ono, mkazi wa malemu mng'ono wa atate. Maliro anachitika m'nyengo yozizira, ndipo iwo anabwera kudzakhala nafe podikira kuti akuluakulu a kwa atate awasudzule. Anali munthu wachete, wachitsikana ndithu, wa mpata pakati pa mano. Ankandiluka tsitsi osakoka, mosiyana ndi amayi amene ankaluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Atate, amene ankamanga nyumba za anthu a ku Lusaka pa mapuloti atsopano, ankati akamabwera madzulo amawatengera mgolo wa madzi panjinga. Amayi anali atasenza madzi pamutu zaka khumi ndi zisanu popanda njinga kuwamvera chisoni. Akuluakulu aja anabwera kawiri kudzakambirana pansi pa mtengo wa mango, ndipo kawiri konseko anachoka nkhani isanathe. Ndinamva mawu akuti chokolo. Nditafunsa tanthauzo lake, anandituma kukasesa pabwalo posesedwa kale.

Kenaka nkhuku zinayamba kuchita dazi. Inayamba ya mphete yoyera, pamsana pafupi ndi mchira, kabala kofiira ngati papsa. Patapita masiku inatsatira yachikasu, kenaka ina. Amayi anaima pakhola m'mawa wina atagwira m'chiuno, akuyang'ana pansi nthawi yaitali. Nkhuku zikamenyana kapena zikamasintha nthenga, nthengazo zimamwazika pabwalo, ndipo mwana aliyense amadziwa zimenezo. Koma m'khola lathu munali mbee, ngakhale kanthenga kamodzi.

“Nthenga siziyenda zeka,” anatero amayi. “Kuli wamene azitola.”

Ine ndinkadziwa kumene zinkapita. Ndinali nditaona masana ena, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'khutu, nkhuku zonse zili kukamwa yasa ndi kutentha. Kagirini inayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa yoyera ija, ngati munthu wopita kukapempha mchere. Inasankha nthenga imodzi, n'kuizula. Inzakeyo inalira kamodzi n'kuthawa. Ndipo Kagirini inaitembenuza nthengayo kukamwa, n'kuimeza yonse, khosi likugwedezeka. Itatero inabwera kudzaima paphazi panga.

Pensulo ndinali nayo m'manja. Ndinayang'ana bokosi la kujompha pa khadi, ndinayang'ana nkhuku yanga, ndipo ndinachonga kuti yasamba fumbi. Mawa lake ndinachitanso chimodzimodzi. Pa makhadi a milungu itatu, Kagirini inali nkhuku yaukhondo kuposa zonse m'boma la Chongwe.

Pamene ine ndinkanama ndi pensulo, pakhomo panali patayamba kununkha kukayikirana. Anthu sankakweza mawu, ankangotsitsa. Mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzaona nkhukuzo, n'kunong'oneza amayi kuti nthenga ya nkhuku ya mwini khomo ndi imene anthu amasakanizira ku mankhwala otembenuza mtima wa mwamuna. Sindikudziwa ngati alipo anayesapo zimenezo, koma mayi uja analankhula ngati anaphunzira kusukulu. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kulola amayi aang'ono kupakulira atate. Ankanunkhiza ndiwo asanaike pamphasa. Akapsa mtima ankasiya Chinyanja n'kulowa m'Chisoli, ndipo nyengo imeneyo Chisoli tinachimva kwambiri. Inenso ndinayamba kukayikira aliyense: kuti amayi aang'ono andiona, kuti a Madamu amadziwa kuwerenga bodza pa khadi, kuti ngakhale nkhuku zadazi zija zikundiyang'ana mwadala.

Tsiku lina Loweruka amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anagwada kuti maso athu alingane, chinthu chimene sankachita.

“Iwe unkhala paja masiku onse. Niuze zoona, waonapo cani?”

Apa ndiye pamene ndimafuna nditanena kuti ndinali mwana, sindinkadziwa. Koma ndinkadziwa mokwanira. Ndinkadziwa kuti ndikatchula Kagirini, Lachinayi, tsiku limene a Madamu ankabwera, ikwera galimoto yoyera. Ndipo ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinaona amayi aang'ono atakhala pakhonde, akukanda m'khutu ndi kanthenga, diso limodzi atatsinzina, monga amachitira munthu aliyense m'mudzi khutu likamanyerenyesa. Kanthengako kanali kakuda, ka nkhuku zachikuda za eni ake. Mtundu wake sindinautchule.

“Nkhuku sizicita kanthu,” ndinatero. “Koma ninaona ba mai bang'ono na nthenga.”

Amayi sanadabwe. Anangoimirira, n'kukutumula fumbi m'mawondo, nati ndipite ndikasewere.

Sipanakhale mlandu weniweni. Akuluakulu anaitanidwa kachitatu, ndipo ulendo uno nkhani imene inakanika miyezi inayi inatha dzuwa lisanapendeke. Ndinamva mawu a amayi akuti, “Mwana sanama.” Atate ankangosenda kamtengo ndi chikhadabo mpaka kanatha. Amayi aang'ono anafunsidwa ngati ali ndi mawu, ndipo anati alibe. Anawasudzula mawa lake, mwachangu, ngati anthu othawa mvula.

M'mawa umene amayi aang'ono ankanyamuka kukakwera minibasi ku boma, anandipeza pa njerwa panga. Anali atamanga katundu yense m'chitenje chimodzi. Ndinaweramira khadi, ndikudikira kuti andimenye kapena anditemberere. Iwo anangokonza kaluko kamodzi kamene kanamasuka kumutu kwanga, n'kuyang'ana m'khola.

“Kagirini kako uzikamangilila masamba ya repu pa nthambo, kazijompha yamene ayo,” anatero motsitsa mawu. “Kalibe vocita, ndiye cifukwa.”

Anasenza mtolo wawo n'kumapita. Atate sanawaperekeze panjinga.

Ndinakhala pamenepo dzuwa lonse lija. Anali ataona zonse. Anaiona nkhukuyo, anandiona ine ndikuchonga bodza, ndipo pansi pa mango paja, pamene liwu limodzi likanawayeretsa, sanalinene. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi manyazi amandigwira. Sindinawaonenso. Ndinamva patapita zaka kuti anakwatiwanso kutali, koma dzina la ufiti linawatsatira mpaka kumeneko, pakuti mbiri yotere siisowa minibasi.

Masamba a repu ndinamangirira, ndipo anathandiza pang'ono. Koma nkhuku zinapitirira kuchita dazi, mfiti itachoka kale. Mayi woyandikana nafe uja anasiya kudutsira kukhola.

Lachinayi lotsatira a Madamu anayang'ana makhadi anga, n'kuyang'ana misana ya nkhuku, n'kundiyang'ana ine. Sanandikalipire. Anapempha mpando, nakhala okha pafupi ndi khola. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya tiyi, Kagirini inachita ntchito yake pamaso pawo, mopanda manyazi, n'kumeza. A Madamu anaitana amayi, amene ankapeta chimanga chapafupi, nayamba kuwafotokozera mwaulemu kuti nkhuku zina zimazula nthenga za zinzake n'kuzidya, n'chifukwa chake pansi sipaoneka kanthu.

Amayi sanasiye kupeta. Sanayang'ane ngakhale kukholako.

“Niziba,” anatero. “Nkhuku ninayamba kusunga nikalibe kumela mabele.”

Kagirini inakwera galimoto tsiku lomwelo, m'katoni yobowola. A Madamu ataona mmene ndinkalirira anavula mphete kumwendo kwake n'kundiika m'dzanja, nandilonjeza kuti sakaipha, akangoiika payokha. Sindinawakhulupirire, ndipo mpaka pano sindikudziwa.

Ndinalira masiku atatu, ndipo onse ankati ndikulirira nkhuku. Mwina zinali zoona. Koma chimene chinkandizungulira m'mutu chinali liwu lija la amayi. Ngati ankadziwa, anandigwadira kuseri kwa nkhokwe chifukwa chiyani? Ndinkaganiza kuti ine ndawapusitsa, kuti ndi nzeru zanga ndagulitsa munthu kuti ndiwombole nkhuku, ndipo tchimo lonselo ndinalisenza ndekha zaka zambiri.

Tanthauzo la chokolo ndinadzalidziwa nditakula: kuti akuluakulu aja ankafuna atate atenge mkazi wa mng'ono wawo akhale mkazi wachiwiri, ndipo atate sanali kukana. Pa zaka khumi ndi chimodzi sindikanamvetsa kuti mkazi amene nyumba yake ikugawidwa iye ali pomwepo sangauze akuluakulu kuti sindifuna. Pamafunika chifukwa chimene akuluakuluwo angachiope, ndi mboni imene sangaitsutse. Amayi sankafufuza wozula nthenga. Ankadikira kuti mwana wawo anene bodza, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ndili nalo.