Zelipa ndi Zipolopolo Zobiriwira za a Lewis

Ku tchalitchi ku North York amamudziwa Zelipa Kamwendo ngati mayi wa m'kwaya, woopa agalu, amene ngakhale nkhuku sangaiphe yekha. Mukawauza kuti mayi ameneyu anapentapo zipolopolo zodzaza zitini zitatu, amakuyang'anani ngati mwalawa. Komatu zinachitikadi, ndipo amene anaziona ndi maso mpaka lero akamazifotokoza amayamba kaye apukusa mutu.

Zelipa anachoka ku Ntcheu ali ndi satifiketi ya uphunzitsi m'chikwama, koma Canada sanaifunse n'komwe. Ntchito yoyamba anaipeza m'fakitale ina ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege, kumene ankapenta mashelefu ndi mipanda yachitsulo. Penti wake sanali wamadzi ayi. Anali wouma ngati ufa wosefa, ankakakamira pachitsulo ndi mphamvu ya magetsi, kenako zitsulozo zinkalowa mu uvuni, ufawo n'kusungunuka kukhala chikopa cholimba chonyezimira. Zaka zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito imeneyi, kuchoka m'mamawa pa basi, kubwerera ali ndi ufa wabuluu m'makutu. Msana utayamba kudandaula anaphunzira zosamalira okalamba, n'kusamukira ku Oshawa ndi mwamuna wake Solomon. Za penti anaziiwala, kapena tinene kuti ankaganiza kuti waziiwala.

Ku Oshawa ndiko anapatsidwa a Lewis, mkulu wa zaka 78, wamasiye, amene anagwira ntchito moyo wake wonse m'fakitale ya magalimoto. Sitiroko inawasiyira dzanja lamanja lopinda, zala zitakhwinyata ngati za munthu wobisa ndalama. Adokotala anawapatsa kampira kofinya kuti zala zidzuke. A Lewis anakaponya kuseri kwa sofa tsiku lomwelo, ndipo Zelipa akakatola, mawa lake ankakapeza komweko. Mwana wawo Juliet anali atawapezera kale malo kunyumba ya okalamba. Mwezi wa Epulo ukadzakwana adzasamuka, ndipo mfuti zawo zidzapita kwa mnzawo wa ku kalabu yowombera chandamale, a Edwin.

Tsiku lina mu Julayi, kunja kuli chifundizi chomata malaya kumsana, Zelipa anawapeza m'galaja atakhala pa stulu, akulira. Patsogolo pawo panali zitini za khofi zodzaza zipolopolo zotuwa za mtovu. Zelipa anayandikira. Anangokoka ndowa, n'kuivundikira, n'kukhalapo.

"Izi ndinaumba ndekha, sabata imodzi ndisanagwe," anatero a Lewis. "Ndi zomaliza. Dzanja ili silidzagwiranso chikombole."

Anafotokoza pang'onopang'ono, poti lilime nalonso linali lolemera. Mfuti zawo zambiri zinkafuna kuti munthu akawombera akoke chitsulo ndi dzanja lamanja, ndipo zimenezo zinali zitatha basi. Inatsala imodzi yakale, yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikangowomba. Imeneyo akanaitha, ataigoneka pa matumba a mchenga, chala chimodzi chokha chitamvera. Koma mfuti yotere ili ndi kabowo kakang'ono kamene kamatenga mpweya wa wonga kuti ukankhe makina ake, ndipo mtovu wosavala kanthu umapaka m'paipi ya mfutiyo n'kutseka kabowoko. Anzawo anawauza kuti masiku ano anthu amaveka zipolopolo penti wa ufa. Anayesa. Anathira zipolopolo ndi ufa m'kachidebe ka pulasitiki, n'kukhutchumula ndi dzanja lamanzere, koma ufawo unangogwera pansi.

"Ndimangofuna kuwomberako kamodzi zanga zomwe, asanandisamutse," anatero. "Kasanu kokha."

Zelipa ankaopa mfuti, ndipo sabisa. Koma ataona kabotolo ka ufa wobiriwira pa tebulo, zala zake zinapita zokha. Anautsina, n'kuufikisa pakati pa zala, n'kuona mmene unkaumbikira timibulu.

"Bambo Lewis, ufawu si woipa. Wangomwa chinyezi. Ndipo zipolopolo zanuzi mwazigwiragwira, zili ndi mafuta a m'manja. Penti uyu sakonda mafuta, sakonda chinyezi. Dikirani nyengo imene zitseko zimaluma."

"Zitseko zimaluma?"

Anawakumbutsa za miyezi yozizira, pamene munthu ukagwira chogwirira cha chitseko chimakuthetheretsa chala. Chaka chake choyamba m'dziko muno ankayesa nyumba ili ndi vuto la mawaya, mpaka ankatsegula chitseko ndi chigongono. Ku fakitale ndiko anamva kuti mphamvu yomweyo, imene imabadwa mpweya ukauma, ndiyo imagwiritsa ufa pachitsulo. A Lewis anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba mayi amene ankawadula zikhadabo uja.

Madzulo ake atamuuza Solomon, mwamunayo anatsamwa ndi tiyi.

"Amayi, mwayamba zamfuti? Simuli ndi layisensi inu, mudzatimangitsa! Kodi mwatchekinga ndi a ofesi yanu?"

"Ndafonera supavayiza, ndamufonera Juliet. Mfuti sindikhudza, wonga sindikhudza. Ine n'zapenti basi. Mukufuna ndizingowaonerera akulira m'galaja?"

Solomon anadziwa kuti nkhani yatha, anangopempha shuga.

Kudikira kunali kowawa. Masamba anayoyoka, a Lewis anaonda, ndipo kawiri anagona kuchipatala ndi chifuwa. Zelipa ankadzifunsa ngati sanalakwe kuuza nkhalamba yodwala kuti idikire theka la chaka. M'mawa uliwonse akafika ankavula magolovesi n'kugwira chitseko cha galaja ndi chala chosavala. Mu Januwale, Lachiwiri lina, chitseko chinamuluma mpaka anakuwa. A Lewis anamva ali kukhitchini, ndipo anaseka koyamba chichokere chilimwe.

Anatsuka zipolopolo, n'kuziumitsa. Anagula kauvuni kakale kotenthetsera buledi, Zelipa n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti muno simudzalowanso chakudya. Anavala magolovesi ndi zophimba pamphuno. Itafika nthawi yokhutchumula kachidebe, Zelipa anagwira phewa lake n'kukwinya nkhope.

"Phewa langali, Bambo Lewis, linaonongeka ku fakitale. Sindingathe. Mukhutchumule ndinu. Ndipo dzanja limodzi silikwana, ufa sugwira. Gwirani ndi onse awiri."

Linali bodza, ndipo Mulungu amukhululukire, pakuti phewa lomwelo linkanyamula thumba la mpunga kukwera nalo masitepe. A Lewis anatukwana chapansipansi, n'kukanikiza zala zopinda zija pa chivindikiro. Kachidebe kanagwa. Anakatola. Kanagwanso. Ulendo wachitatu anakhutchumula mpaka thukuta linatsika m'khosi, ndipo atatsegula, onse awiri anasuzumiramo. Chipolopolo chilichonse chinali chitavala ufa mbali zonse, chofewa m'maso ngati nkhungu ya pa buledi. Zelipa anaziimika pa thireyi ndi kopanira, chimodzichimodzi. Kudzera pa galasi la kauvuni anaonerera ufa ukunyowa, ukuyenderera, kenako n'kuwala. Anali ataziona zimenezi pa mashelefu zikwizikwi, koma sanaziyang'anepo ndi mtima ukugunda chonchi.

Zitazizira, a Lewis anati pali mayeso amene anthu a ntchitoyi amachita. Anaika chipolopolo chimodzi pa simenti, n'kumupatsa Zelipa hamala. Penti akasweka n'kugwa, ndiye kuti zonse zalephereka. Zelipa anaiwala za phewa lodwala lija, anamenya ndi mphamvu zonse. Chipolopolo chinaphwatalala ngati kobiri. Anachitola n'kuchitembenuza pa kuwala. Pentiyo anali atatambasuka limodzi ndi mtovu, osang'ambika, osasupuka pena paliponse.

Masabata asanu ndi limodzi anakhutchumula, pang'onopang'ono tsiku lililonse, poti Zelipa ankati kauvuni n'kakang'ono, sikafuna zambiri. A Edwin ankabwera Loweruka kudzathandiza kuika zipolopolozo m'makoko ake amkuwa, iwo ndiwo ankayeza wonga, a Lewis akuwalondera ngati kapitawo. Zelipa zimenezo ankazionera patali, koma maso ake sankachoka pa dzanja lamanja lija. Chala cholozera chinali chitayamba kutambasuka.

Anapita ku kalabu kumayambiriro kwa Malichi, kunja kwa tauni, chipale chofewa chidakali mbuu m'minda. Juliet anayendetsa galimoto. Zelipa anavala zotseka m'makutu, n'kuima kumbuyo kwa mzere wachikasu. A Edwin anagoneka mfuti pa matumba a mchenga. A Lewis anakhala, anaika tsaya pa mtengo wa mfuti, ndipo chala chija chinayenda, kufunafuna kachitsulo kowombera. Zelipa anapemphera m'Chichewa, mokweza, osasamala kuti akumva ndani.

Mfuti inalira. Khoko lamkuwa linathothokera kumbali, likuwala, ndipo makina anadzitsekera okha. Inaliranso. Kachitatu, kachinayi, kachisanu, osakakamira ngakhale kamodzi. Kenako kunangoti zii, kafungo ka wonga kakuyandama mu mphepo yozizira. A Edwin anaonetsetsa kuti mfuti ilibe kanthu, n'kusuzumira m'paipi atailozetsa ku chipalecho. Anaitana anzawo awiri kuti nawonso aone. Munali mowala, mopanda mtovu. Amuna amene awombera zaka makumi anayi anabwera kudzamugwira chanza Zelipa, akufunsa kuti anaphunzira kuti. Iye anangoti ku Etobicoke, popenta mashelefu.

Pepala la chandamale litabwera, mabowo asanu anali pamodzi, oti chikhatho chimodzi n'kuwaphimba, ndipo m'mphepete mwa bowo lililonse munali kamzere kobiriwira. Juliet analira osadzigwira. A Lewis sanalire. Anapinda pepalalo bwinobwino ndi manja onse awiri, n'kulipereka kwa Zelipa ndi dzanja lamanja.

"Phewa lako lili bwanji lero?" anafunsa.

Zelipa anayang'ana pansi. "Likupezako bwino, Bambo Lewis."

"Ndinaona tsiku la hamala lija kuti lachira," anatero mkuluyo. Anamugwira dzanja n'kulifinya, ndipo Zelipa anamva zala zonse zisanu.