Maso Anga pa Bwalo la Basiketi

Apulofesolo athu, aphunzitsi a masewera, anabwera ku Tsangano nkhondo itayamba kale kumveka kutali. Asanafike kwathu anaphunzitsa mpira kusukulu ya aphunzitsi, kenako ku Chidzolomondo, ndipo ankadzitama kuti ekipa yawo, timu ya kumeneko, inagonja tsiku limodzi lokha, pamene wapagolo anatsegula m'mimba.

Anyamata ankawaphunzitsa mpira wamiyendo. Ife atsikana anatibweretsera chachilendo, basiketi. Anakhoma limu ya njinga pamtengo wa bulugamu n'kutiuza kuti tiziponyamo mpira. Amayi anga ankati ndi masewera a anthu osowa chochita, koma ine ndinali wamtali ngati nsungwi, ndipo utali umene anzanga ankandiseka nawo unapeza ntchito. Anandiika kukhala mtsogoleri wa ekipa. Ndinkayenda mapewa m'mwamba, osakamba.

Pamasewera iwo sankakuwa. Ankaima pambali n'kumalankhula ndi zala. Lamulo lawo linali limodzi: "Ukasokonezeka usaganize, yang'ana ine." Tinazolowera mpaka khosi linkatembenuka lokha.

Nkhondo itafika pafupi, aphunzitsi ndi anamwino ndiwo ankasakidwa kwambiri. Apulofesolo anakwirira mabuku awo, anavala malaya ong'ambika, n'kuyamba kulima mbatatesi ndi atsibweni anga. Mudzi wonse unapangana kuti aliyense wofunsa auzidwe kuti ndi mlimi. Limu ija tinaiwala kuitsitsa.

M'mawa wina, nyengo yokumba mbatatesi, anthu amfuti anatisonkhanitsa tonse pabwalo la shikola, sukulu yathu. Wamkulu wawo anaima pansi pa bulugamu uja, kuyang'ana m'mwamba.

"Ichi si cha alimi," anatero. "Anakhoma ndani?"

Anandikoka ine, mwina chifukwa ndinkaonekera pamwamba pa anzanga.

"Iwe umasewera. Amakuphunzitsa ndani?"

Dzina sindinatchule. Zimenezi ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi ngati kuti zili ndi phindu. Pakamwa ndinatseka ndithu, koma mantha atandigwira, maso anathamangira kumene anazolowera. Apulofesolo anali chakumanzere, pakati pa azibambo, dothi lili m'miyendo. Anatsitsa dzanja pang'ono, chizindikiro chathu choti dekha. Wamfutiyo anangolondola maso anga.

Anawasenzetsa thumba la chimanga pamodzi ndi azibambo ena, n'kulowa nawo kutchire. Ena anabwerako patapita masabata. Iwo ayi.

Palibe wina wa m'mudzi anaona zimene ndinachita, chifukwa aliyense anali atawerama. Akazi a apulofesolo tsiku limenelo anali kudimba, ndipo atamva anafunsa funso limodzi, ankalifunsabe miyezi yambiri: anawaloza ndani? Mapeto ake anakhazikika pa kalipentala wina amene anakanganapo ndi apulofesolo pa za mbuzi zodya m'munda. Mudzi unavomereza. Anthu anasiya kumupatsa moni, kutchalitchi benchi yake inkakhala yopanda anthu, ana ake ankagendedwa kuchitsime. Iye analumbira, analira, sizinathandize. Tsiku lina anamanga katundu ndi banja lake kuwolokera ku Malawi, ndipo sanabwererenso. Ine ndinali pamsewu akudutsa, ndowa pamutu.

Manyazi ananditumiza kunyumba kwa mayi aja. Ndinkawatungira madzi, kuwatolera nkhuni, kuwathandiza kukolola nyemba. Nditakwatiwa sindinasiye. Anthu ankandiloza pophunzitsa ana awo ulemu. Kangapo ndinanyamuka kwathu nditakonza zonena, koma ndikafika pakhomo ndinkangofunsa ngati mchere ulipo. Ndinali wamantha, palibenso dzina lina.

Mtendere unabwera, zaka zinapita, mayi aja anakalamba n'kudwala. Masana ena ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja.

"Mwana wanga," anatero, "pa ana onse amene bambo ako aja anaphunzitsa, wosatitaya ndi iwe wekha. Koma kalipentala uja, Mulungu amuone."

Tinali awiri basi m'nyumbamo. Nthawi inalipo, makutu awo ankamva bwinobwino. Ndinaika supuni m'mbale, ndinawakonzera bulangete kumapazi.

"Zikomo, amayi," ndinatero.

Anamwalira sabata yomweyo, ndipo pamaliro ine ndi amene ndinasankhidwa kunyamula nkhata ya maluwa.