Laimu pa Chithunzi

Dzulo ndikupaka laimu kukhitchini, fungo lake linandibwezera ku mzikiti wakale wa kwathu, kumapiri a Ntchisi. Anaumanga atelala achiyao kalekale: makoma ochindikala, mazenera okhota kumwamba, ndi kamphako kukhoma lakumpoto komwe onse ankayang'ana popemphera. Ife tinali a mpingo wa kumishoni, koma bambo anga anali mmisiri, ndipo tsiku lina akupaka makoma a mzikitiwo ndinkawasungunulira laimu.

Munalowa anyamata awiri achipani, malaya ofiira, atanyamula chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Nsapato sanavule.

"Paliponse posonkhana anthu chimakhalapo ichi," anatero wamtali. "Chanu chili kuti?"

"Ana anga," anayankha ashehe motsitsa mawu, "muno sitipachika nkhope ya munthu aliyense."

"Aliyense?"

Bulashi ya bambo inaima pakhoma. Wamtaliyo anandipatsira chithunzicho kuti afunefune msomali m'thumba. "Tagwira, mtsikana iwe."

Ndinalandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira amayi, kuiwala kuti anali laimu yekhayekha. Nditasuntha chala, ndinaona banga loyera pakamwa penipeni pa mtsogoleri. Chithunzicho chinalibe galasi. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti munthu ankatha kusowa chifukwa cha kanthu ngati kameneka. Ndinabwezapo chala msangamsanga.

Bambo anali ataona. Anatsika pamakwerero pang'onopang'ono.

"Khomali silinaume, achimwene. Chingaonongeke. Bwanji mubwere mawa?"

Mnyamatayo anakhudza khoma, n'kudzipukuta pathalauza. Kenaka anatembenukira kwa ine, dzanja lili tambasu.

"Bweretsa."

Laimu ankandiwotcha kuchala, koma sindinachichotse pabangapo.