Nyerere za kuseri kwa bafa

Chinayamba ndi ludzu, m'mwezi wa Okutobala. Ine ndimanyamula anthu panjinga mu Chipata, ndiye ndinkangoti ndi dzuwa. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, kenako n'kumaima pafupipafupi kukataya madzi, kasitomala akudikira pakaliyala. Lamba ndinaboola bowo lina. Chala chakuphazi chomwe ndinadzipweteka ndi pedulo chinatha milungu itatu osapola. Ndinapakapo mafuta a mabuleki monga amachitira anzanga pasiteji, n'kuvala sokosi.

Mkazi wanga ananena za chipatala kangapo. Ndinkamuyankha kuti mwamuna sakaima pamzere chifukwa cha ludzu.

Loweruka lina kuholo ya tchalitchi chathu kunabwera chionetsero cha zaumoyo cha ana. Mkazi wanga anali kumaliro ku Chiparamba, choncho ndinakweza ana anga awiri, Tisa wa giredi 3 ndi mng'ono wake Mada. Munali kamwa lalikulu lamakatoni lomwe ana ankalitsuka mano ndi tsache, komanso mtima wapulasitiki wotsegula ngati chitseko. Mada anakakamira kukamwako. Tisa anandikokera pachithunzi cha matenda a shuga, ndipo mwana ameneyu sadziwa kuwerenga chamumtima. Anawerenga mokweza: ludzu, kuwonda, bala losapola. Pansi pa chithunzicho panali patajambulidwa nyerere zitaunjirira mkodzo.

"Anesi," Tisa anaitana nesi yemwe anaima pafupi, "atate anga ali nazo zonsezi. Nyerere zimadzaza kuseri kwa bafa, pomwe amaima m'mawa."

Amayi amumpingo anatembenuka onse, awiri mwa iwo makasitomala anga. Manyazi anandigwira osati masewera. Koma nesiyo sanaseke. Anandibaya chala chakumanja, n'kuyang'ana kamakina kake, kenako anati ndivule sokosi.

"Bambo, Lolemba m'mawa mufike kuchipatala musanadye. Mukazengereza, phazi ili mudzalisiya komweko."

Apo ndinachita mantha enieni. Wa phazi limodzi sapalasa njinga, ndipo pakhomo panga timadya za njingayo.

Lolemba anandipezadi ndi matenda a shuga, n'kundigoneka masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse ankandiyeza magazi, kutsuka bala ndi kundibaya jakisoni, kenako ine n'kumadikira adokotala mpaka masana. Atamva za mafuta a mabuleki, adokotala anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndine galimoto.

Bala linauma mu Disembala. Lero zala zanga zilipo zonse, ndipo ndinabwerera pasiteji. Ndimamwa mapiritsi tsiku lililonse, tiyi wopanda shuga ndimangomeza ngati mankhwala, ndipo mwezi uliwonse ndimakakhala pabenchi ya chipatala osadandaula. Anzanga, ludzu losatha ndi bala losapola musazibise m'sokosi. Pitani msanga, mwana asanakuululireni pagulu.

Tisa amayenderabe kuseri kwa bafa asanapite kusukulu. Dzulo wandiuza kuti kwathu nyerere zinasamuka, koma waziona kuseri kwa aneba athu, a Zulu. Ndamuuza kuti adikire, ndikawauza ndekha, tili awiri.