Maso a Mayi Ajetunmobi

Kukhothi kwathu ku Ibadan kunali munthu mmodzi yekha wotha kuwerenga zolemba za Jaji Fagbemiro: Mayi Morenike Ajetunmobi, otayipa zigamulo. Ine ndinakhala nawo ofesi imodzi zaka khumi ndi zisanu, tikudyera akara, zitumbuwa zathu za nyemba, papepala limodzi, ndiye ndikunena zimene ndinaona. Bwana Fagbemiro ankalemba ngati papalasa nkhuku.

Mayiwo anayamba nawo ntchito bwanayo akadali majisitireti, mnyamata wanzeru koma wamtima wapachala. Loya akawaputa, kapena mboni ikanama poyera, ukali wonse unkathera m'chigamulo: "wabodza wopanda manyazi", "mbuli yotheratu". Mayi akafika patsamba lotero ankavula magalasi n'kukagogoda kwa bwana.

"Bwana, apa maso andikanika. Mundilemberenso mawa."

"Amayi, mwawerenga masamba makumi atatu, lavuta ndi ili lokha?"

"Ukalambatu uwu, bwana."

Mawa lake tsambalo linkabwera litazizira, mfundo zokhazokha. Zaka makumi awiri ndi zisanu, bodza lake lomwelo!

Dzina la bwana litapita ku Abuja kuti akhale jaji wa khothi la apilo la dziko lonse, akuluakulu osankha anaitanitsa zigamulo zawo zakale. Tinamva kuti chinawakopa n'chakuti munthuyu ndi wofatsa, sanyoza ngakhale wolakwa. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Mayi sanaseke. Iwo anali antchito a khothi la dera lathu, kupita nawo kunali kosatheka, ndipo mantha anawagwira.

"Kumeneko amatayipa ndi ana a makompyuta, olemba chilichonse chimene wawapatsa," anandiuza. "Akakangotukwana munthu kamodzi, mbiri yonse yathera pompo. Ndiwaululire kodi?"

"Auzeni basi."

"Iwe! Ndikauze jaji kuti ndawanamiza zaka zonsezi?"

Komabe tsiku lotsanzikana anamanga duku lawo la kutchalitchi, n'kundikoka dzanja kuti ndiwaperekeze. Asanatsegule n'komwe pakamwa, bwana anatulutsa m'kabati envulopu yonenepa. Munali masamba aja onse, ena atachita kufiira ndi ukalamba.

"Munthu wotha kulowetsa ulusi m'singano popanda magalasi, amayi, mukuganiza kuti sindinkaona?" anatero bwana. "Ndinasunga onse. Ku Abuja ndikapsa mtima ndizidzawerenga limodzi, kenako n'kudikira mawa."

Atatero anawapatsa kapepala kothokoza, kolemba pamanja. Mayi anakagwira ndi manja awiri, anavala magalasi, anavulanso. Misozi inali mbwee.

"Bwana," anatero mayi, "apa maso andikanika."

"Tsamba limenelo ndiye sindilembanso, amayi. Tengani mukawerengere kunyumba."