Mabatire a Galimoto ya Tadala

Kagalimoto kapolisi kamene ndinagulira mwana wanga Tadala ku Limbe ndinakasankha ndekha, chifukwa cha mmene kankalirira. Sabata isanathe ndinali nditatopa nako. Nyumba yathu ya lendi ku Bangwe ndi yaing'ono, ndipo kankayamba kulira m'mamawa.

Loweruka lina rimoti ya TV inasiya kugwira ntchito mpira uli mkati. Ndinachotsa mabatire m'kagalimotoko mobisa n'kuwaika mu rimoti. Tadala atandifunsa ndinangoti, "Kafa basi."

"Ndi Yamikani! Anakagwetsa dzulo," anatero akulira. Yamikani ndi mwana wa aneba athu. Ine ndinangobweza maso pa mpira.

Nkhani inafika kwa aneba. Nditamva Yamikani akukwapulidwa kuseri kwa khoma, ndinakweza TV.

Madzulo mayi ake anabwera ndi nthochi m'mbale, n'kugwada pakhomo. "Pepani bambo a Tadala, mwana uja ndi wosamva."

"Musadandaule mayi, ana ndi ana," ndinatero, ngati munthu wabwino. Ndinatsitsanso TV kuti ndiwamve bwino, ndi mabatire omwewo.

Nthochizo ndinadya. Mpaka lero Yamikani akandiona amapatuka panjira, n'kundipatsa moni akuyang'ana pansi.