Anandisandutsa Wolanda Munda mu Filimu

Ndinayamba kudandaula Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, ndipo kalata yoyamba ndinaipereka pamanja kwa mtsogoleri wa gulu lojambula mafilimu, pa benchi yake yokonzera mafoni ku Boma. Yachiwiri ndinalemba patatha milungu iwiri. Yachitatu ndinalemba kumapeto kwa Julaye, ndipo kope lake ndinalipereka kwa wapampando wa komiti ya pamsika wathu. Makope onse atatu ali m'fayilo yobiriwira, lililonse ndi kapepala kosonyeza amene analandira kalatayo. Palibe imene yayankhidwa.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri pa boda, m'kampani ina yothandiza amalole kuwolotsa katundu. Nditapuma ndinabwerera kwathu kwa Dambe ndi tebulo, makina otayipira ndi chidindo cha deti chimene abwana anandilola kutenga chifukwa zaka zake zinali zitatha. Kuyambira pamenepo anthu amabwera pakhonde panga kuti ndiwalembere makalata: opita kusukulu, a umboni wogulitsana ng'ombe, ofotokoza malire a minda. Kalata iliyonse imene ndinalembapo kope lake ndili nalo.

Mtsogoleri wa gulu uja anafika kwathu mvula itangosiya, ali ndi anzake awiri ndi foni yomangirira ku ndodo.

"Madala, tikufuna munthu wooneka ngati wa mu ofesi," iye anatero.

"Ine sindiwoneka ngati wa mu ofesi. Ndine wa mu ofesi. Filimu yake ndi ya chiyani?"

"Yophunzitsa anthu za mapepala a minda."

Ndinasangalala. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuilalikira kwa nthawi yaitali popanda wondimvera. Ndinawauza kuti alembe pempho lawo, ndipo anang'amba tsamba m'kope n'kulemba kuti akupempha chilolezo chojambula bambo akudinda mapepala. Anasayina onse atatu. Tsambalo ndili nalo, ndipo mulibe mawu ena kupatula amenewo.

Ndinavala jekete langa lotuwa ndi tayi. Anati dindani, ndinadinda. Anati kwezani mutu mumwetulire pang'ono, ndinamwetulira. Kenako mmodzi wa iwo, atavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, anandipatsa envulopu ya khaki. Ndinailandira ndi manja awiri monga ndimalandirira kalata iliyonse, n'kuiika m'dirowa, n'kukhoma. Ndisanakhome ndinacheukira kukhomo, chifukwa nkhuku ya oyandikana nawo inali kulowa m'nyumba. Zonse zinatha madzi a tiyi asanawire. Anathokoza, n'kumapita.

Patatha mwezi ndi theka, akabaza a pamsika anayamba kundikuwa ndikamadutsa kuti, "Dindani, bwana." Kuchigayo amayi ankasiya kucheza ndikafika. Mlamu wanga, amene anayendetsa malole mpaka maso atayamba kuvuta, ndiye anandiuza chifukwa chake, akuseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, ine ndinakwatira m'banja la mbava osadziwa. Bwenzi mutanena kale, ndikanakugawirani ntchito."

Loweruka masana ananditengera ku vidiyo ya kuseri kwa msika. Ndi chisakasa cha mabango chokutidwa ndi pulasitiki wakuda, mabenchi asanu ndi limodzi, TV yoyendera batire. Munali modzaza, ena atakhala pansi, ndipo kutentha kwake kunali ngati m'chigafa cha fodya.

Nkhani ya filimuyo ndi iyi. Mayi wamasiye walandidwa munda ndi munthu wolemera amene wabwera ndi pepala labodza. Mwana wake, amene amagwira ntchito ku Chipata, akubwerera kudzathandiza mayi ake. Akupita ofesi iyi, akuti bwera mawa. Akupita ofesi ina, akuti fayilo yasowa. Mayiyo akumwalira ali pakhonde la eni. Mwanayo akugulula khasu, akutenga mpini, ndipo akuyamba kusaka anthu anayi amene anachita chiwembucho, mmodzimmodzi. Wachiwiri mwa anayiwo ndine. Envulopu ija ndi chiphuphu. Kucheuka kwanga kuja, kumene kunali kwa nkhuku, kukuoneka ngati munthu wosuzumira ngati pali womuona. Pondimenya anagwiritsa ntchito munthu wina wovala jekete lotuwa, atamuveka thumba la feteleza kumutu, ndipo anajambulira pansi pa mtengo wanga wa mango tsiku limene ndinali ku maliro.

Monga ntchito ya manja, filimuyo ndi yosalongosoka. Mphepo imamveka kuposa mawu. Mfuti ya wolemera uja ndi yosema, ndipo magazi ndi tomato wa m'botolo. Pena munthu amene wafa kale amaonekanso kumbuyo akukankha njinga. Koma palibe amene ankasamala zimenezo. Mwini vidiyo anali ndi maikolofoni, akufotokoza nkhani pamwamba pa mawu a osewera monga amachitira ndi mafilimu akunja. Nkhope yanga itaoneka anati, "Awa ndiye mukuwadziwa nonse, sinditchula." Chisakasa chonse chinaphulika ndi phwete. Kenako wina anandiona pa benchi yakumbuyo, ndipo chete anayenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Ndinakhalabe mpaka pamapeto, chifukwa munthu sadandaula za chinthu chimene sanachione chonse.

Patsogolo panga panali mayi wina amene ndimamudziwa bwino. Ng'ombe zake ziwiri zinabedwa n'kuwolotsedwa malire zaka zingapo zapitazo, ndipo ndine ndinamulembera makalata anayi pa nkhaniyo. Mpaka lero ng'ombe sizinabwere, yankho silinabwere. Mpini utatera pamsana pa munthu woyamba, mayiyo anaimirira, chitenje chili m'manja, akuti, "Onjeza, mwanawe, onjeza." Sindinamuone ngati munthu woipa. Ndinaona munthu amene kwa nthawi yoyamba waona mlandu ukuyamba ndi kutha tsiku limodzi. Ndipo ndinene zoona, poti pano ndikulemba zoona zokhazokha: wolemera uja atagwa m'ngalande, phazi langa linaponda pansi lokha.

Mafilimu omenyana anthu kuno akhala akuonera kuyambira kale, koma aja ndi a kutali. Wobwezera wake amayendetsa galimoto imene sitinaionepo, m'misewu imene sitidzapondamo. Uyu wa kwathu wavala patapata. Akudutsa pa mlatho umene timadutsa popita ku chipatala, ndipo wolandidwa munda akufanana ndi azakhali a aliyense. Mphamvu ya mafilimu amenewa ili pamenepo, ndipo vuto langa lachokeranso pomwepo. Anthu akaona mlatho weniweni, chitseko chenicheni, ndi mkulu weniweni amene amalembadi mapepala a minda, amafunsa kuti nanga chabodza chayambira pati.

Za akabaza ndikanazipirira. Ngakhale kuchepa kwa anthu obwera kudzalembetsa makalata ndikanakupirira. Chimene sindingapirire ndi ichi.

Mlongo wanga anamwalira n'kusiya mwana wamkazi mmodzi, ndipo ndine mtsibweni wake. Mnyamata wa mudzi wa kutsidya kwa dambo anamufunsira, tinakambirana bwino, ndipo chinkhoswe tinachiika Loweruka lomaliza la Seputembala. Nkhoswe ya kuchikazi ndine, palibenso wina, poti abale anga aamuna onse anapita. Chakumapeto kwa Meyi nkhoswe ya kuchimuna, bambo waulemu amene timapemphera mpingo umodzi, anabwera kwathu. Anayamba ndi za mitengo ya soya, anapita ku za msewu, kenako anavula chipewa n'kumachizunguza pa bondo.

"Kwathu akuti mwina kuchikazi kungapezeke wina woimirira."

"Wina ndani? Ndalakwa chiyani?"

"Ndi za filimu zija, akulu."

"Koma inu mukudziwa kuti lija ndi sewero."

"Ine ndikudziwa. Koma mayi ake a mnyamata akuti nyumba ndi yanu, jekete ndi lanu, chidindo ndi chanu. Akuti ana akadzayambana, mlandu adzautengera kwa munthu wolandira envulopu?"

Sindinawakwiyire mayiwo. Nkhoswe ndi munthu amene banja likagwedezeka anthu amathamangira kwa iye, ndipo ali ndi ufulu wofunsa ngati munthuyo ali wolungama. Ndinawauza bambowo kuti sindichoka, ndipo kuti tsiku lisanafike dzina langa lidzakhala litayera. Mwana wa mlongo wanga anamva zonse ali kuseri kwa nyumba. Alendo atapita anabwera n'kugwada pafupi ndi tebulo.

"Atsibweni, akakukanani inu ndiye kuti akana ine. Sindikaimiridwa ndi munthu wobwereka."

Mawu amenewo ndi amene anandilembetsa kalata yoyamba.

Mlamu wanga anali ndi nzeru ina. Kalata yachiwiri itapita osayankhidwa, anabwera ndi mpini weniweni, n'kuutsamiritsa pa tebulo langa.

"Alamu, mapepala anuwa adzakukwirirani nawo. Tiyeni tikaphwanye TV ija. Inu mukagwire chitseko, poti mphamvu mulibe."

"Ndiye atijambule, atulutse gawo lachiwiri."

"Bola mmenemo mukhala womenya, osati womenyedwa."

"Inu maso anu saona ndi dzenje lomwe. Mukaphwanya mutu wa mwana wa eni mukuyesa TV."

Anaseka, koma mpini anausiya pomwepo, akuti mwina ndisintha maganizo. Ndinaukhomera khasu, ndipo ndi umene ndikulimira kudimba. Mlamu wanga si munthu wachiwawa. Filimu ija anaionera kasanu, ndipo njira yake inamulowa monga imalowera aliyense amene watopa kudikira. Ine ndadikira mayankho moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti amachedwa. Ndikudziwanso kuti ndikakaphwanya kanthu, mayi a kutsidya aja adzati taonani, tinanena.

Nditapereka kalata yachitatu ndinakhala pa benchi ya mtsogoleri uja mpaka anasiya foni imene ankakonza.

"Madala, inu simukudziwa mwayi wanu. Mwatchuka. Amalole atenga filimuyi pa memori khadi, ku Chipata akukuonerani."

"Akuonera mbava."

"Ndi sewero basi. Aliyense akudziwa."

"Ukawauze mayi a kutsidya kwa dambo."

Anakanda mutu. Anati filimuyo sangaibweze, poti yafalikira kale m'mafoni, ndipo pamenepo ananena zoona. Kenako anati ali ndi maganizo abwino: akukonza gawo lachiwiri, ndipo mmenemo kalaliki uja sanafe, walapa, akuthandiza wobwezera kupeza mapepala enieni. Anthu adzandikonda, anatero. Ndinamufunsa kuti munthu amalapa chiyani ngati sanalakwe. Anati ndikuvutitsa nkhani yaing'ono. Ndinamuonetsa tsamba la m'kope lija, ndi dzina lake pansi, ndipo ndinamuuza kuti awerenge mokweza n'kundionetsa pamene palembedwa za chiphuphu. Anawerenga, anati ayankha sabata yamawa. Sabata imeneyo inadutsa, inanso inadutsa.

Sindikulimbana ndi mafilimu awo. Ajambule, anthu aonere, mayi wa ng'ombe uja aimirire n'kukuwa ngati zimamupepuza mtima. Achinyamatawa ali ndi luso, chifukwa kudzaza chisakasa ndi foni imodzi ndi tomato wa m'botolo si zamasewera. Koma amene amasewera m'filimu zawo amadziwa chimene akusewera. Wovala magalasi akuda uja anasankha yekha kukhala woipa, ndipo akavula magalasiwo amabwerera kukagulitsa mazira. Ine sindinasankhe, ndipo ndilibe chovula, poti ndinasewera ndili ine ndemwe, pa tebulo langa, ndi ntchito imene anthu amandidziwa nayo. Filimu yonena za munthu wolandidwa munda ndi pepala labodza yandilanda dzina ndi pepala losanena zoona. Pepalalo lili kwa ine, ndipo aliyense wofuna kuliona abwere.

Choncho, kwa mtsogoleri wa gulu lojambula mafilimu, ndi kwa wapampando wa komiti ya pamsika amene analandira kope la kalata yanga yachitatu, ndikupempha mwaulemu zinthu izi. Choyamba, gululo lilembe kalata yosayinidwa ndi onse atatu, yonena kuti sindinauzidwe nkhani ya filimuyo, kuti m'envulopu munalibe kanthu, ndiponso kuti womenyedwa pansi pa mango sindine. Chachiwiri, mwini vidiyo aziwerenga kalatayo pa maikolofoni yake filimuyo isanayambe, nthawi iliyonse imene akuionetsa. Chachitatu, mtsogoleri wa gulu apite yekha kutsidya kwa dambo, pamodzi ndi nkhoswe ya kuchimuna, akawafotokozere mayi ake a mnyamata pamaso. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe polemba, ndipo yankholo lindipeze Loweruka lomaliza la Seputembala lisanafike, kuti mwana wa mlongo wanga akaimiridwe ndi mtsibweni wake.